Njinga Imagulidwa, Moyo Sugulidwa: Chitetezo cha Opalasa Njinga Pamaso pa Achifwamba

Chidule cha khutba ya Jumu'ah yomwe inaperekedwa m'boma la Mulanje. Taisindikiza kuti abale athu a m'mbali mwa nyanja, komwe njinga ndiyo imanyamula nsomba, mpunga ndi anthu, apindule nayo.

KHUTBA YOYAMBA

Kuyamikidwa konse n'kwa Allah (S.W.T.), Mwini usiku ndi usana, Yemwe anatambasula nthaka n'kuikamo njira kuti akapolo Ake aziyendamo pofunafuna riziki la halaal. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndiponso kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaba ake ndi onse owatsatira mu zabwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

E inu akapolo a Allah! Ndikukulangizani, pamodzi ndi ine mwini, kumuopa Allah mobisika ndi moonekera.

Abale anga olemekezeka, mukatuluka mu mzikiti uno muyang'ane pansi pa mitengo ndi m'mbali mwa khoma. Mudzaona njinga zili ndanda. Iliyonse mwa njingazo ili ndi banja lomwe likuidalira. Ina imadzuka m'bandakucha kukapikula katundu ku msika wa Limbuli. Ina imanyamula zinanazi ndi nthochi kupita pa Chitakale. Ina imafikitsa mwini wake ku ntchito m'minda ya tiyi. Ina ndi ya kabaza, imene ndalama yake ya tsikulo ndiyo ufa wa madzulo. Boma lathu lino, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 680,000, limayenda pa matayala awiri. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za njala, monga 2002 ndi 2005, chimanga chambiri chochokera ku Milange, m'dziko la Mozambique, chinkawoloka pa Muloza chili pa kaliyala wa njinga, matumba atatu kapena anayi pa njinga imodzi. Ambiri tinapulumuka chifukwa cha thukuta la anthu amenewo.

Mu Surah Quraish, Allah akuwakumbutsa anthu a ku Makkah za maulendo awo a malonda, wa nthawi yozizira ndi wa nthawi yotentha, ndipo akutchula mitendere iwiri yomwe anawapatsa: chakudya chochotsa njala ndi chitetezo chochotsa mantha. Ziwirizi zimayendera limodzi. Pamene njira yadzala mantha, msika umauma. Pamene msika wauma, njala imalowa m'nyumba. N'chifukwa chake nkhani ya achifwamba olanda njinga si ya apolisi okha. Ndi nkhani ya pa mimbari.

Kulanda m'njira ndi tchimo lalikulu

Shariah imasiyanitsa mbava ndi wachifwamba. Mbava imaba mobisa, mwini wake asakuona. Wachifwamba amatchinga njira ali ndi chikwanje, mpeni kapena chibonga, nalanda mwankhanza. Tchimo lachiwirili Maulama amalitcha hiraabah, ndipo ndime 33 ya Surah Al-Ma'idah ikuliika m'gulu la kuchita nkhondo ndi Allah ndi Mtumiki Wake komanso kufalitsa chisokonezo padziko. Kulemera kwake n'chifukwa chakuti wachifwamba salakwira munthu mmodzi yekha amene wam'landa. Amalanda mtendere wa onse odzera m'njiramo, kuphatikizapo mayi wopita kuchipatala ndi mwana wopita ku madrasa.

Malamulo a dziko lathu nawo sakuitenga nkhaniyi mopepuka. Gawo 301 la malamulo a milandu ndi zilango likupereka zaka 14 za ukaidi kwa wolanda, ndipo ngati anali ndi chida, kapena anali ndi anzake, kapena anavulaza munthu, chilango chingathe kufika pa ukaidi wa moyo wonse. Mnyamata amene akunyengedwa ndi anzake kuti akabisale pa tchire usiku amve zimenezi lero, ndipo abwerere kwa Mbuye wake khomo la tawbah likadali lotsegula.

Kumanga ngamira ndi kuyadzamira mwa Allah

Ena mwa ife amati: "Cholembedwa n'cholembedwa, ngati ndi tsiku langa ndi langa." Amatero akukwera njinga usiku, okha, ndalama zonse za geni zili m'thumba la malaya. Abale anga, imeneyo si tawakkul. Imam Tirmidhi analandira nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (S.A.W.) ngati aimange ngamira yake kapena aisiye yomasuka n'kuyadzamira mwa Allah, yankho linali lakuti achite zonse ziwiri, aimange kenako ayadzamire.

Taonani mmene Mtumiki (S.A.W.) anayendera pa Hijrah m'chaka cha 622. Iye anali wotsimikiza za chitetezo cha Mbuye wake kuposa aliyense wa ife, komabe sanayende yekha, anatenga Abu Bakr (R.A.). Madinah ili kumpoto kwa Makkah, koma iwo anayamba alowera kummwera n'kubisala m'phanga la Thaur masiku atatu. Analemba ganyu munthu wodziwa njira, Abdullah ibn Uraiqit, yemwe anawadzeretsa cha kugombe la nyanja, kupewa msewu womwe adani ankaulondera. Mnzake wa paulendo, nthawi yabwino, njira yosankhidwa, ndi munthu wodziwa malo: zonsezi ndi Sunnah. Nayenso Mneneri Ya'qub (A.S.), monga tikuwerenga mu Surah Yusuf ndime 67, analangiza ana ake kuti alowe mu mzinda podzera pa zipata zosiyana, uku akuvomereza kuti chilamulo chonse n'cha Allah.

Choncho chitetezo cha wopalasa njinga chimayambira pakhomo, asanakwere.

Choyamba ndi nthawi. Allah watipatsa wotchi yosalakwa, yomwe ndi Swala zisanu. Ulendo wautali uyambe pambuyo pa Fajr, kunja kutayamba kuyera, ndipo ukonzedwe kuti Maghrib ikupezeni pakhomo kapena pamalo pa anthu. Kumbukirani kuti kuno mu June ndi July dzuwa limalowa isanakwane 5:30 madzulo, ndipo chiperoni chikatsika m'phiri munthu saona ngakhale mtengo uli patsogolo pake. Amene wachedwa pa msika wa Nkando kapena wa Limbuli m'miyezi imeneyi, kuli bwino agone kwa m'bale kapena apemphe malo pa mzikiti kusiyana n'kudutsa pakati pa minda ya tiyi, pomwe munthu amatha kupalasa mtunda wautali osaona nyumba.

Chachiwiri ndi anzanu a paulendo. Mu Sahih Al-Bukhari muli chenjezo lochokera kwa Ibn Umar (R.A.), m'mene Mtumiki (S.A.W.) anaonetsa kuti anthu akanadziwa kuopsa kwa kukhala wekha monga ankakudziwira iye, palibe wokwera amene akanayenda usiku payekha. M'mahadith ena anaphunzitsa kuti anthu atatu ndiwo gulu lenileni la apaulendo, ndipo kuti asankhe mmodzi akhale mtsogoleri wawo. Makolo athu anati kuyenda awiri si mantha. Inu amene mumapita ku Muloza, mtunda wa pafupifupi makilomita 30 kuchokera pa boma, panganani zonyamukira pa mzikiti pambuyo pa Fajr. Wina tcheni ikaduka kapena tayala likaphwa, onse aime. Gulu limene limasiya wofooka m'mbuyo lam'pereka m'manja mwa achifwamba.

Chachitatu ndi ndalama. Musaziwerengere pagulu, ndipo musalengeze pa msika kuti lero malonda ayenda bwino. Amene amatchinga njira kawirikawiri amakhala atakuonani kale pamene munkagulitsa. Masiku ano Allah watifewetsera: pafupifupi pa msika uliwonse pali ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ikani ndalama zochuluka mu foni musananyamuke, m'thumba mutsale zochepa. Nambala yanu yachinsinsi ikhale mu mtima, osati papepala.

Chachinayi ndi njinga yeniyeniyo. Mabuleki ogwira, tcheni yothiridwa mafuta, pampu ndi zomatira chubu, tochi yowala: izi ndi zida za chitetezo kuposa mpeni. Njinga yofera patchire madzulo yaitana mavuto. Lembani nambala ya pa felemu, sungani lisiti pamalo abwino, ndipo ikani chizindikiro chobisika chomwe mukuchidziwa inu nokha. Popanda zimenezi, ngakhale apolisi ataipeza njingayo, mudzavutika kutsimikiza kuti ndi yanu. Ndipo inu achinyamata, chotsani zomvera nyimbo m'makutu popalasa. Khutu ndi mlonda wa kumsana kwanu.

Mawu apadera kwa akabaza

Inu abale a kabaza, wa njinga yopalasa ngakhale yamoto, vuto lanu ndi losiyana ndi la ena, chifukwa munthu amene mukumuopayo mumamunyamula nokha, ndipo amakhala kumbuyo kwanu, komwe maso anu safika. Njira yodziwika ya achifwamba ndiyo kudzionetsa ngati kasitomala, kulonjeza ndalama yoposa mtengo, n'kukutengerani kumalo kumene anzake akudikira. Choncho mukhale ndi malamulo pa siteji panu. Madzulo musanyamule munthu wosam'dziwa popanda anzanu kuona nkhope yake ndi kumva komwe mukupita. Akasintha njira pakati pa ulendo n'kunena kuti mukhotere kanjira ka kutchire, kapena akayamba kuimba foni kufotokoza pomwe mwafika, imani pamalo pa anthu ndipo ulendo uthere pomwepo. Musalandire chakudya kapena chakumwa kwa mlendo wotere. Ndalama ya ulendo umodzi siingalere ana amasiye.

Zikakupezani m'njira

Tsopano, chakudza sichiimba ng'oma. Munthu angathe kusamala zonsezi koma n'kukumana nawo ndithu. Kodi Chisilamu chikuti chiyani?

Poyamba, dziwani kuti kudziteteza ndi ufulu wanu. Surah Ash-Shura, ndime 41 ndi 42, ikuchotsa mlandu pa munthu wodziteteza pambuyo poponderezedwa, n'kuuika pa opondereza anthu. Mu Bukhari ndi Muslim muli hadith yodziwika yakuti wophedwa poteteza chuma chake ali ndi ulemerero wa shahid. Msilamu sanalamulidwe kukhala wamantha.

Koma hadith imeneyi ena amaimva molakwa, ngati kuti ikulamula munthu kufera njinga. Maulama a fiqh, kuphatikizapo a madhhab a Imam Shafi'i omwe ambiri a ife kuno timatsatira, anafotokoza kuti kuteteza chuma ndi chinthu chololedwa, osati chokakamizidwa. Amene wapereka chuma chake kuti apulumutse moyo alibe tchimo ndipo alibe manyazi. Imam Al-Ghazali, yemwe anamwalira m'chaka cha 1111, anasanja zinthu zisanu zomwe Shariah inadza kudzateteza: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Taonani pamene pali moyo, ndipo taonani pamene pali chuma. Zikawombana, chotsika chimaperekedwa kuti chapamwamba chitsale. Surah Al-Baqarah ndime 195 nayo ikutiletsa kudziponya ndi manja athu m'chionongeko.

Maulama omwewo anaika lamulo lakuti wachiwembu amabwezedwa poyamba ndi njira yopepuka, ndipo yolemera imadza pokhapokha yopepukayo yalephera. Imam An-Nasa'i analandira nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki (S.A.W.) za wofuna kum'landa chuma. Ndondomeko yomwe anapatsidwa inali iyi: ayambe wam'kumbutsa za Allah, akakana, aitane Asilamu omwe ali pafupi, ngati palibe, apemphe thandizo kwa olamulira, ndipo kumenyana kunatchulidwa pomalizira penipeni. Tiyeni tiiike ndondomekoyi pa msewu wathu.

Mukaona patsogolo chipika kapena chingwe chopingasa njira, kapena anthu ataima pamalo opanda chifukwa choimira, musayandikire kuti mukaonetsetse. Tembenukani mukadali patali, mubwerere komwe kuli nyumba. Kuthawa pamene njira yothawira ilipo ndi chimene Maulama ambiri anachiika patsogolo pa kumenyana.

Ngati akutsekerezani, tsikani ndipo njinga ikhale pakati pa inu ndi iwo. Chitsulo chimenecho ndi chishango chanu, ndipo munthu ali pa chishalo amagwa ndi kukankha kamodzi kokha. Yang'anani manja awo ndi chiwerengero chawo. Ngati ali ndi zikwanje, mipeni kapena mfuti, kapena ngati ali ambiri, siyani njinga, ponyani chikwama mbali ina, inu muthawire mbali ina. Musakangane nawo, musawatukwane, ndipo ngati mwamzindikira wina musam'tchule dzina, pakuti wachifwamba wozindikiridwa amaganiza zopha mboni. Sungani mu mtima msinkhu wake, mawu ake, zovala ndi njira imene walowera.

Ngati pali midzi pafupi, kuwani ndi mphamvu zanu zonse. Wezulo wa ndalama zochepa womangirira pakhosi amamveka kutali kuposa mawu a munthu wotopa.

Koma ngati zaoneka kuti sakufuna njinga yokha, akufuna moyo wanu, kapena akufuna kukukokerani kutchire, kapena kuchita chipongwe kwa mayi kapena mtsikana amene muli naye, pamenepo dzitetezeni ndi chilichonse chomwe dzanja lanu lapeza: pampu, mwala, mchenga wa m'maso. Kuteteza ulemu wa mkazi Maulama anakuika pa mlingo wokakamizidwa kwa amene angathe. Cholinga chikhale kupeza mpata wopulumukira, osati kulanga. Wachiwembu akagwa kapena akathawa, ufulu wanu wom'menya wathera pomwepo. Chowonjezera pamenepo chidzafunsidwa kwa inu, ku bwalo la milandu la pansi pano ndi pamaso pa Allah.

Mukapulumuka, pitani ku polisi tsiku lomwelo, pa boma, pa Muloza kapena pamalo ena alionse apafupi, ndipo ngati mwavulala thamangirani kuchipatala, makamaka bala likakhala la m'mutu, ngakhale likuoneka laling'ono. Dziwitsani amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi. Amene wabisa zomwe zam'chitikira wasiya msampha uli wotchera kwa m'bale wake wobwera pambuyo.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi inu. M'pempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka kwambiri.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale anga m'Chisilamu, zatsala nkhani zitatu zomwe sizikukhudza wopalasa njinga yekha, koma ife tonse ngati Ummah.

Yoyamba ndi msika wa zinthu zakuba. Wachifwamba sadya njinga, amaigulitsa. Mitengo ya zinthu itakwera, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mayesero ogula njinga yotchipa yopanda lisiti anakula. Koma munthu akakubweretserani njinga yabwino pa theka la mtengo wake, usiku, ali pachangu, nambala ya pa felemu itapalidwa, mtima wanu ukudziwa kale kumene yachokera. Kugula chinthu ukudziwa kapena ukukayikira kwambiri kuti n'chakuba ndi haraam, ndipo chinthucho sichikhala chako ngakhale walipira. Chimakhalabe cha mwini wake. Gawo 328 la malamulo a milandu ndi zilango nalonso limalanga wolandira katundu wakuba. Inu okonza njinga ndi ogulitsa zipangizo zakale, muli pa chipata: funsani kumene felemu ndi malimu zachokera. Tsiku limene ogula adzasowa, olanda adzachepa.

Yachiwiri ndi mkwiyo wa gulu. M'dziko muno takhala tikumva za anthu oganiziridwa kuba akumenyedwa mpaka kufa, ena kutenthedwa. Ululu wa wolandidwa tikuumva, ndipo kukhumudwa poona wogwidwa dzulo akuyendayenda lero tikukudziwa. Koma zilango za mu Shariah zili m'manja mwa olamulira ndi oweruza, pambuyo pa umboni; sizili m'manja mwa khamu la pa msika. Mtumiki (S.A.W.) analetsa kulanga ndi moto, pofotokoza kuti chilango chimenecho n'cha Allah yekha. Ndime 32 ya Surah Al-Ma'idah ikuyerekeza kupha munthu mmodzi popanda chilungamo ndi kupha anthu onse. Nanga ngati wogwidwayo anangofanana nkhope ndi wolakwa? Msilamu akapezeka pamalo potero akhale woyamba kunena kuti: "Mmangeni, tipite naye ku polisi." Kumeneko ndiko kuthandiza woponderezedwa, komanso kuthandiza wopondereza pom'tsekereza ku zoipa zake, monga Mtumiki (S.A.W.) anatiphunzitsira.

Yachitatu ndi m'bale amene walandidwa. Tikam'thokozera Allah kuti wapulumuka, tisaiwale kuti mawa lake m'nyumba mwake mulibe cholowa. Ngati njingayo inali yobwereka kapena ya ngongole, watsala ndi ngongole yopanda chobwezera. Mwa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat, omwe atchulidwa mu Surah At-Tawbah ndime 60, muli osauka, angongole ndi wapaulendo amene zam'thera. Komiti ya mzikiti uliwonse iganizire zokhala ndi thumba lothandiza abale otere kupezanso njinga. Tinaona pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 mmene anthu a boma lino ndi a ku Phalombe anagwirirana manja, osafunsana chipembedzo. Mtima womwewo ukufunika pa tsoka la munthu mmodzi. Munthu akadziwa kuti abale ake adzam'dzutsa, sadzakakamira chiwongolero pamaso pa chikwanje. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsegulaninso makomo a mizikiti kwa apaulendo amene kwawadera, Asilamu ndi omwe si Asilamu. Lowani m'magulu a chitetezo cha m'mudzi, Khalifa Umar ibn Al-Khattab (R.A.) mwini wake ankayendera misewu ya Madinah usiku kuti anthu agone mwamtendere. Lambulani tchire la m'mbali mwa tinjira ta kwanu. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi njinga kapena foni yomwe simukudziwa gwero lake, m'funseni lero, asanadzam'funse woweruza.

E Allah! Tetezani apaulendo athu popita ndi pobwerera. Dalitsani thukuta la ofunafuna halaal, ndipo akwaniritseni ndi halaal Yanu kuti asafune haraam. Chiritsani ovulala, chitirani chisoni omwe anatisiya, ndipo limbitsani mitima ya amasiye awo. Ongolani achinyamata athu amene asokera, ndipo tchinjirizani anthu ku zoipa za amene akana kuongoka. Ikani mtendere m'njira za Mulanje, m'madoko a m'mbali mwa nyanja ndi m'dziko lonse la Malawi. Ameen.

Imirirani tipemphere Swala. Allah akuchitireni chifundo.